Hotela Yapamwamba ku Cape Town ndi Anthu Amene Amaiyendetsa

Hotela imene ndikuiunika pano ili kufupi ndi doko la V&A Waterfront mumzinda wa Cape Town, ndipo ndi ya kampani yaikulu imene ili ndi mahotela m'mayiko ambiri. Za mabedi, chakudya ndi kukongola kwa phiri la Table Mountain mukasuzumira pawindo sindichulukitsa gaga m'diwa, chifukwa zonsezo n'zogwirizana ndi mtengo wake. Chidwi changa chili pa anthu ogwira ntchito, pakuti ndalama zambiri zimene mlendo amalipira pamalo oterewa amalipirira chisamaliro chochokera m'manja mwawo.

Chimene chinandisangalatsa kwambiri n'chakuti ngakhale antchito a maudindo ang'onoang'ono amaloledwa kuthetsa okha vuto la mlendo. Ketulo ya m'chipinda changa itakana kuyaka, mayi woyeretsa m'zipinda sanandiuze kuti ndidikire abwana ake, koma anangopita kukatenga ina, ndipo madzulo ake mtsikana wolandira alendo anandifunsa ngati yatsopanoyo inali bwino, kusonyeza kuti uthenga umayenda pakati pawo popanda wina kuopa kukalipiridwa. Kayendetsedwe kameneka n'kodziwika m'mahotela amtunduwu. Kampani ina, ya Ritz-Carlton, imalola wantchito aliyense kugwiritsa ntchito ndalama zofika madola 2,000 pokonza dandaulo la mlendo popanda kupempha chilolezo, komanso antchito ake amakhala ndi kamsonkhano kachidule tsiku lililonse asanayambe ntchito. Pa hotela inonso m'mawa ndinkaona antchito ataimirira mozungulira pafupi ndi khomo la kukhitchini, manijala akuwauza za alendo obwera tsikulo, wina amene sadya nyama, wina amene akukumbukira tsiku la ukwati wake.

Mu lesitilanti ndinatumikiridwa ndi weita wa kwathu ku Malawi, monga mudziwa kuti abale athu ndi ambiri m'mahotela ndi m'malo odyera a mumzindawu. Ataona dzina langa anatsitsa mawu n'kunena kuti, "Mwaswera bwanji, bambo?" Kenaka anabwerera ku Chingerezi mwaulemu chifukwa cha alendo ena amene ndinakhala nawo. Anandiuza kuti anayamba ndi kutsuka mbale, hotelayo inamuphunzitsa za vinyo ndi kayalidwe ka tebulo, ndipo tsopano amayang'anira anzake. Malo antchito amene amakweza munthu kuchokera pansi motere ayenera kuyamikiridwa.

Komabe pali mbali imene sinandikhutiritse, ndipo ndi imene yandichititsa kulemba. Amayi ena oyeretsa m'zipinda sanalembedwe ndi hotelayo mwachindunji, koma ndi kampani yongobwereketsa antchito, choncho amavala yunifomu yofanana ndi ya anzawo koma salandira zonse zimene anzawowo amalandira. Ndalama zothokozera zimene mlendo amawonjezera pa bilu ya chakudya, zimene ku South Africa nthawi zambiri zimayambira pa 10 peresenti, zimathera kwa otumikira patebulo, pomwe woyala bedi ndi kukwecha bafa sazionako n'komwe. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka m'dzikolo anakwezedwa kufika pa R28.79 pa ola mu Malichi 2025, ndipo aliyense angathe kuwerengera yekha kuti mayi wolandira ndalama zoyandikira pamenepo angagwire ntchito masiku angati kuti akwanitse kugona usiku umodzi m'chipinda chimene amayeretsa. Lamulo la Basic Conditions of Employment Act la 1997 limati maola wamba a ntchito asapitirire 45 pa sabata, ndiponso kuti wogwira ntchito usiku akhale ndi mayendedwe opitira kwawo. Basi ya antchito ilipodi, koma mayi wina wokhala ku Khayelitsha, dera limene lili kutali ndi pakati pa mzindawu, anandiuza kuti imazungulira m'madera ambiri, kotero kuti akaweruka mochedwa amafika ana atagona kale, n'kudzukanso kusanache. Kutopa kwake kunkaoneka pa kayendedwe kake pokankha ngolo ya nsalu zogonera, ngakhale kuti moni wake unali wansangala.

Kwa amene thumba lawo likulola, hotelayi ndi yoyenera kufikirako, ndipo chisamaliro chake ndi chapamwamba zedi. Pempho langa kwa eni ake n'lakuti oyeretsa m'zipinda awalembe okha ntchito ndi kuwagawirako ndalama zothokozera. Kufikira zimenezo zitachitika, mlendo asadalire bilu yokha, koma apereke kangachepe m'manja mwa mayi woyeretsayo asananyamuke.