Pixhawk pa drone, kakompyuta kosaphonya kanthu

Anzanga okonza ma drone kuno ku Lilongwe, Pixhawk ndiyabho zedi. Kakompyuta aka kamakhala mkati mwa ndege nkumalemba zonse pa memori khadi, liwiro, kutalika mmwamba, GPS, mphamvu ya batire, mpaka kunjenjemera kwa ndege komwe. Mukatera mumangotsegula log (fayilo ya zonse zomwe kalemba) mu pulogalamu ya pa kompyuta yotchedwa Mission Planner basi nkhani yonse ili poyera. Kwa ife kanatiululira propela yopindika, kunjenjemera kunali kupitirira 60 pomwe a ArduPilot, omwe amapanga pulogalamu yoikidwa mu Pixhawk, amati kuzikhala pansi pa 30, ndi maso sitikanaziona zimenezo ayi. Koma khadi gulani yeniyeni, ya feki yomwe anatigulitsa pa kashopu kena mtauni inkadula log pakati, zokwiyitsa. Kampasi ya drone, yomwe imasonyeza kumpoto, iyikeni kutali ndi mawaya a batire, ikakhala pafupi imasokonezeka.