Tor Browser ndi Orbot: zimene ndaona nditaziyesa kuno ku Dedza

Chisankho cha ku Mozambique cha pa 9 October 2024 chitadutsa ndipo zionetsero zitabuka, WhatsApp, Facebook ndi Instagram zinatsekedwa m'dzikomo kwa masiku angapo, ndipo nthawi zina intaneti ya pa foni inkazimitsidwa yonse. Ife a ku Dedza nkhaniyi sitinaimvere pa wayilesi pokha, chifukwa msuweni wanga amene amatisonkhanitsira mbatata ya kachewere cha ku Vila Ulongwe anangoti zii, matumba ali pamsewu ndipo mtengo tisanagwirizane. Okhala kufupi ndi boda ya Calomue amatha kugwirako netiweki ya ku Malawi, koma iye ali mkati ndithu. Ichi ndi chimene chinandichititsa kuti ndikhale pansi ndi kuphunzira Tor, njira yolowera pa intaneti mobisala imene imathandizanso kufika pa masamba otsekedwa.

Tor ndi yaulere, ndipo imayang'aniridwa ndi bungwe la Tor Project, limene linakhazikitsidwa mu 2006 ku America. Mukatsegula tsamba, uthenga wanu umakutidwa katatu ngati makoko a anyezi, kenako umadutsa pa makompyuta atatu a anthu ongodzipereka. Yoyamba imadziwa kumene mwachokera koma siidziwa kumene mukupita, yachitatu imadziwa tsamba limene mukufuna koma siidziwa kuti ndinu ndani, ndipo kampani yanu ya foni imangoona kuti mwalumikizana ndi Tor basi.

Kuika Tor Browser, pulogalamu yotsegulira masamba kudzera pa Tor, pa laputopu sikunandivute, popeza maonekedwe ake ndi a Firefox imene ambiri tinaizolowera kale. Fayilo yake ndi ya pafupifupi ma MB 100, choncho ndinaitsitsa usiku kuchokera pa torproject.org, osati pa masamba ena amene amagawa mapulogalamu osadziwika kochokera. Komabe usiku woyamba ndinadina Connect, kamzere kaja kanayenda pang'ono n'kuima, ndipo ndinakhala nditafunda bulangete pa chisanu cha kuno mpaka tiyi anazizira m'kapu. Vuto linali langa ndemwe. Kabatire kosunga nthawi mu laputopu yanga yakaleyo kanatha, moti wotchi inkasonyeza chaka cholakwika, pamene Tor siilumikizana ngati tsiku ndi nthawi zasokonekera. Nditakonza wotchiyo inalumikizana mphindi isanathe. Chinanso chimene ndinaphunzira movutikira n'chakuti bandulo ya WhatsApp kapena ya Facebook yokha siigwira ntchito pano, chifukwa kampani sionanso kuti mukupita ku masamba amenewo. Pamafunika bandulo ya intaneti yonse.

Mbali imene ndaikonda kwambiri, imenenso ili mtima wa nkhaniyi, ndi ya milatho, imene mu pulogalamuyi imalembedwa kuti bridges. Mndandanda wa makompyuta a Tor uli poyera, kotero boma limene lafuna kutseka Tor limangoutenga n'kutseka khomo lililonse, koma milatho ndi makomo a kuseri amene sali pa mndandandawo. Pansi pa Settings, pa gawo la Connection, ndinayesa iwiri. Wotchedwa obfs4 umasandutsa uthenga wanu kuti uoneke ngati phokoso lopanda tanthauzo, ndipo kwa ine ndi umene unakhazikika bwino, ngakhale madzulo pamene netiweki ya pa boma pano imalemedwa. Wotchedwa Snowflake umadutsitsa uthenga pa kompyuta ya munthu wamba wodzipereka mwa njira yooneka ngati kuimbirana foni ya vidiyo, ndipo liwiro lake limadalira munthu amene mwagwera tsiku limenelo, moti nthawi ina umathamanga, nthawi ina umakwawa. Ngati milatho yobwera ndi pulogalamuyi yatsekedwa, mungapemphe ina pa bridges.torproject.org kapena kudzera pa Telegram, ndipo mumalandira mizere italiitali ya manambala ndi zilembo imene mumaimata m'kabokosi kake. Kuno ku Malawi ndimalumikizana popanda mlatho uliwonse, choncho kuyesa kwangaku kunali kokonzekera chabe, monga munthu amafolera denga mvula isanafike.

Tor Browser imateteza zokhazo zimene mwatsegula mkati mwake. Kuti WhatsApp ya pa foni ya Android idutse pa Tor pamafunika Orbot, yopangidwa ndi Guardian Project, imene imakulolani kusankha mapulogalamu oti adutse njirayo. Mauthenga olemba ndi a mawu ojambula amafika ndithu, ngakhale mochedwerapo, koma kuimbirana musakuyembekezere, chifukwa Tor siinapangidwe kuti izinyamula mtundu wa uthenga umene kuimbirana kumadalira. Mavidiyo amadodomadodoma, masamba ena amakufunsani kangapo kuti musankhe zithunzi za mabasi posonyeza kuti ndinu munthu, ndipo za ku banki ndikulangizani kuti musazidutsitse kumeneko, popeza bankiyo idzaona ngati mwalowa muli ku Germany kapena ku Netherlands.

Pa nkhani yobisala tisanamizane. Nambala yanu ya foni inalembetsedwa ndi chitupa cha unzika, ndipo mukalowa pa Facebook ndi dzina lanu n'kulemba mawu, Tor siingafufute dzinalo. Chimene imabisa ndi njira imene mwadzera, osati zimene mwanena mukafika. Ndiponso intaneti ikazimitsidwa yonse, monga zinkachitikira tsidya linalo maola ena, palibe mlatho umene ungakuwolotseni.

Kwa munthu wofuna kuwerenga nkhani zotsekedwa, mtolankhani, kapena wamalonda wa m'malire ngati ife, ndikuona kuti Tor Browser ndi Orbot n'zoyenera malo amene zimatenga pa foni, koma ziikidwe zinthu zili bwino, chifukwa kukatsekedwa tsamba lozitsitsira limatha kutsekedwanso. Msuweni uja atabwera kudzatenga ndalama zake, ndinamuikira zonse ziwiri tili pakhonde, ndipo mizere itatu ya obfs4 ndinaisunga m'foni mwake n'kuilembanso kumapeto kwa kope lake lowerengera matumba. Iye anaiyang'ana kwa kanthawi, n'kunena kuti, "Asuweni, zilembo zonsezi ndikalakwitsa chimodzi ndiye basi?" Ndinamuyankha kuti inde, ndipo tinaziwerenganso limodzi kawiri asanakwere njinga yamoto yopita ku boda.