Kabuku ka Wells kapena filimu ya Kubrick: ndani anamumvetsa Darwin?

Amene akufuna kuona mmene chiphunzitso cha Charles Darwin cha mu 1859, chakuti zamoyo zimasintha pang'onopang'ono mibadwo ikamapita, chinalowera m'nthano, nthawi zambiri amalozeredwa filimu ya Stanley Kubrick ya mu 1968, 2001: A Space Odyssey. Kukongola kwake palibe angatsutse. Nyani atola fupa, azindikira kuti ndi chida, aphera nalo mnzake pa chitsime, ndipo ataliponya m'mwamba, chithunzi chisanduka chombo cha mumlengalenga. Koma taonani chimene chamupatsa nzeru nyaniyo: chimwala chakuda chochokera kwina, chimene pambuyo pake chikwezanso munthu. Apa kusintha kwakhala ngati makwerero okhala ndi mwini wake, pamene Darwin sanaphunzitse za dzanja lililonse lotsogolera zamoyo kumwamba.

H. G. Wells, amene anaphunzira sayansi ya zamoyo kwa T. H. Huxley, mnzake wa Darwin, ku London, anatsata njira ina m'kabuku kake ka mu 1895, The Time Machine. M'nthanoyi, munthu woyenda m'nthawi pa makina afika m'chaka cha 802,701 n'kupeza mtundu wa anthu utagawikana pawiri. Zidzukulu za olemera, Eloi, ndi tianthu tokongola, tofooka, tongodya zipatso, popeza kwa mibadwo yambiri nzeru sizinkafunikanso kuti munthu apulumuke, ndipo zinazilala. Zidzukulu za antchito, Morlock, zinazolowera mdima wa pansi pa nthaka, maso awo sapirira ngakhale kuwala kwa machesi, ndipo usiku zimatuluka kudzagwira a Eloi, amene kwa iwo ndi ndiwo chabe. Palibe amene wakwera apa. Aliyense wangoyenererana ndi malo ake, ndipo n'chifukwa chake ndimati Wells ndiye anagwira mfundo.

Filimu ya Planet of the Apes, nayonso ya mu 1968, imangosinthanitsa mipando ya anyani ndi anthu, choncho imanena zambiri za tsankho ndi nkhondo kusiyana ndi sayansi.

Wosankha Wells awerenge buku lenilenilo, lomwe ndi lalifupi ndithu. Filimu ya George Pal ya mu 1960, yochokera m'bukuli, inasiya gawo lakumapeto, pamene woyendayo aima pagombe dzuwa litafiira ndi kukalamba, anthu kulibe, zinkhanu zikuluzikulu zikukwawa pamchenga.