Kawailesi ka sola kamene katithandiza kulera ana nthawi ya korona

Amayi anzanga angapo akhala akundifunsa za kawailesi kathu kaja kamene ana anga samasiyana nako, eti kamagwiradi ntchito kapena ndi zija zongotayira ndalama, ndiye ndati ndingolemba zonse kamodzi chifukwa pofika chaka chino cha 2022 takhala nako zaka ziwiri zathunthu ndipo ndikukadziwa bwino, zabwino zake ndi zofooka zake zomwe.

Tinakagula mu Juni 2020 mu shopu ina ya zamagetsi ku Limbe pa K18,000, ndipo nthawi imeneyo inali ndalama yambiri kwa ife chifukwa geni yanga ya zitumbuwa ndi mafilizesi ndimapangira pa geti la sukulu kuno ku Chilomoni, ndiye boma litatseka masukulu onse pa 23 Malichi geni inaferatu pomwepo. Chisamba changa chinali ndi zaka 6, sitandade 1, atangoyamba kuzolowera yunifomu basi anauzidwa kuti akhale pakhomo, ndipo mng'ono wake anali ndi zaka ziwiri. Nyumba yathu ndi ya lendi, zipinda ziwiri ndi pabalaza, bwalo timagawana ndi mabanja ena atatu. Amene munasungapo ana ang'onoang'ono m'nyumba yotere mukuwaletsa kusewera ndi anzawo amene akuwaona ndi maso pawindo mukudziwa zomwe ndikunena, mwana amalira mpaka nawe misozi kulengeza.

Kawailesiko kukula kwake ngati buledi, kali ndi chogwirira pamwamba, tochi kutsogolo, mababu awiri a waya amene umatha kukoleka kudenga, kapanelo ka sola kapadera kokhala ndi chingwe chachitali, polowetsa fulashi ndi memore khadi, komanso Bluetooth. Chomwe tinakagulira kwenikweni chinali maphunziro a pa wailesi amene unduna wa zamaphunziro unkaulutsa pa MBC kuti ana a pulayimale asaiwale sukulu. Za pa intaneti ife sitinaziganizire n'komwe, foni ya Android m'nyumba muno ndi imodzi ya bambo a ana ndipo amapita nayo kuntchito, nanga bandulo yake tikanaitenga kuti.

Mawu ake ndi abwino, apa sindinama. MBC, Zodiak, Times zonse zimamveka mbee ngakhale kuno kuli phiri pafupi, ndipo voliyumu yake imakwana kuti ndili kunja ndikuchapa ndizimva zimene aphunzitsi akunena. Koma ndinene zoona kwa amene akuganiza kuti akagula wailesi ndiye kuti agula mphunzitsi, ayi sizili choncho. Masiku oyamba ndinkangomuyatsira mwana ine n'kupita kukaphika, pobwera ndimapeza ali pansi pa tebulo akusewera ndi zitsekerero za mabotolo aphunzitsi akungodzilankhulira. Zinayamba kuyenda nditayamba kukhala naye pamkeka, aphunzitsi akati nenani ba be bi bo bu ndimanena naye limodzi, akati lembani ndimamupatsa khala alembe pa simenti ya pakhonde popeza makope tinkasunga, wamng'onoyo naye ali pambali akukhwatchakhwatcha zake n'kumakuwa kuti bo bu! Pamene amabwerera kusukulu mu Okutobala anali akutha kuwerenga mawu afupiafupi ngati baba, mutu, galu, ndipo ine mtima unakhala pansi chifukwa ndinkaopa kuti chaka chonse chapita pachabe.

Koma nthawi imene ndinakakonda kwambiri kawailesika sinali ya maphunziro ayi, inali Januwale 2021. Mukukumbukira mwezi umene uja mmene zinthu zinalili, maliro mbali zonse, nduna ziwiri a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama kumwalira tsiku limodzi pa 12, masukulu kutsekedwanso. Sabata imeneyo bambo a ana anabwera kuntchito thupi likutentha, mutu, kenako anati ndiwo sakuzimva kukoma, atakayezetsa anawapeza nako kachirombo. Mwamwayi sizinafike pogonekedwa kuchipatala, anauzidwa kuti akabindikire kunyumba. Ndiye tangoganizani, tinawapatsa chipinda chathu, ine ndi ana tinasamukira chipinda chinacho, chakudya ndimasiya pakhomo nditavala masiki, mbale zawo ndimatsuka pazokha ndi madzi otentha. Wamkulu ankamvetsa pang'ono koma wamng'ono ayi, ankakhala pa chitseko n'kumagogoda ndi kadzanja kake, adadi tsegulani, adadi tsegulani, mpaka kugona pomwepo pansi ine n'kudzamunyamula.

Tsiku lachitatu ndi pomwe bambo a ana anaganiza nzeru. Anajambula mawu awo pa foni akusimba nthano ya kalulu ndi njovu, mawu ake osasa akupumira m'mwamba pang'ono, kenako analumikiza foni ku kawailesi pa Bluetooth ali m'chipinda momwemo ife tili pabalaza. Ndinangomva wailesi yati padangokhala, ana onse awiri anatembenuka kuyang'ana kawailesi, wamkulu anayankha motsitsa kuti tili tonse, wamng'ono anadzuka n'kukakakumbatira n'kuika khutu pa sipika. Sanalire usiku umenewo. Kuyambira pamenepo madzulo alionse kwa masabata awiri inali nthano imodzi tikatha kudya, ndipo Bluetooth yake inkadutsa khoma la njerwa bwinobwino osadukaduka bola wailesi ikhale kufupi ndi chitseko. Nthano zimenezo tinazisamutsira pa memore khadi ndipo mpaka lero anawa amazimverabe ngakhale bambo awo ali pompo ali bwinobwino.

Chinthu chimodzi chimene ndinaphunzira movutikira, nkhani za madzulo musamamvere ana ali maso. Ine ndinkatsegula kuti ndimve ziwerengero za tsikulo, odwala angati omwalira angati, osadziwa kuti mwana akusunga zonse, mpaka anandifunsa tikugona kuti amama adadi nawonso awatchula pa wailesi? Zinandipweteka kwambiri. Kuchokera tsiku limenelo nkhani ndimamvera ndekha pa mahedifoni, polowetsa pake palipo m'mbali.

Tsopano zofooka zake, chifukwa zilipo ndithu. Eriyo yake ndi yopyapyala kwambiri, inathyoka tisanathe nako miyezi itatu wamng'ono atangoikoka kamodzi, pano tinamangirirapo waya wa hang'ala ndipo ikugwira koma m'nyumba ya ana amayenera kupanga yolimba. Mawaya a mababu nawonso ndi ofooka, limodzi linasiya kuyaka polumikizira. Wogulitsa anatiuza kuti kamatchaja foni, inde kamatchajadi koma ukatchaja foni dziwa kuti usiku umenewo ugona mumdima, batire yake siingakwanitse zonse ziwiri. Nditabwerera ku shopu kuja za babu lija anangondionetsa chikwangwani choti katundu akatuluka sabwerera, ndipo lisiti yomwe anandipatsa sinalembedwe za galanti iliyonse, ndiye inu mukamagula yesani chilichonse muli pakauntala pomwepo, mababu onse, polowetsa fulashi, Bluetooth, musachite manyazi ngakhale kumbuyo kwanu kuli mzere.

Vuto lina ndi la dzuwa. Miyezi ya Sepitembala mpaka Novembala kapanelo ukangokaika padenga m'mawa pofika masana kadzadza, koma nyengo ino ya Juni ndi Julayi kuno ku Blantyre chiperoni chikagwa masiku atatu otsatizana palibe chimene chimalowa, umangodalira kutchaja ku magetsi akakhalapo. Ndipo batire imatopa, chaka choyamba inkatifikitsa kuyambira 6 koloko madzulo mpaka tonse kugona babu likuyaka wailesi ikulira, chaka chino inayamba kutha pa maola awiri okha. Ndinapita nako kwa mnyamata wina wokonza mafoni mumsika anasintha batire pa K4,500 ndipo kabwerera mwakale, mwayi wake n'ngoti batire yake ndi zija zozungulira zimene zimapezeka paliponse, pali mawailesi ena omata amene sungatsegule osaswa, amenewo apeweni.

Chaka chino cha 2022 kagwiranso ntchito ina imene sitinaiganizire pogula. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 ndipo kuthima kwa magetsi kunakhala kwa tsiku ndi tsiku, ndiye homuweki ya wamkulu, amene pano ali ndi zaka 8, amalembera pa babu la kawailesika, ndipo ine sindikugulanso makandulo amene ndinkachita nawo mantha chifukwa cha neti ya udzudzu ndi ana. Ndi pa wailesi yomweyi pomwe ndinamva za mwana amene anapezeka ndi poliyo ku Lilongwe mu Febuluwale ndi kuti azaumoyo aziyenda khomo ndi khomo kudonthezera ana osakwana zaka zisanu, tsiku limene anafika kwathu ndinali nditakonzeka kale buku la kusikelo lili m'manja.

Korona anthu ambiri anasiya kumutchula, mu minibasi wovala masiki ndi mmodzimmodzi, ndowa ya mpopi ya pa geti la tchalitchi nthawi zina imakhala yopanda madzi, koma kwa ife amene tili ndi ana ang'ono sanathe, mwana akangotsokomola usiku tulo timatha. Sabata yathayi wamng'ono anali ndi chimfine, ndinamuletsa kupita ku sukulu ya mkaka masiku anayi kuopa kupatsira anzake, ndipo masiku onsewo anangokhala pamkeka atafunda chitenje changa kawailesi kali pamiyendo akubwereza nthano ya kalulu ija, amadziwa yekha batani loti adine.

Mukandifunsa ngati ndingakagulenso, eya ndingakagule, ndipo Loweruka likubwerali ndikupita ku Limbe kukawafunira apongozi anga kena koti nditumize ku Thyolo chifukwa akusunga zidzukulu zitatu ndipo kwawo magetsi kulibe. Ndikudziwa kuti mtengo sukhalanso K18,000 chigwereni kwacha mu Meyi 2022 muja, ndikakapeza ka batire yochotseka ndi eriyo yolimbako ndidzakuuzani mtengo wake wa panopa.