Makala a Mitengo Kapena Mabriketi Powotcha Chambo?

Makala a mitengo amagwira msanga ndipo moto wake ndi waukali, chambo chong'amba pakati chimapsa khungu lisanamatirire pa waya. Vuto lake ndi kusiyana kukula: tizidutswa timatha msanga n'kusiya mbali ina ya mbaula itazizira. Sankhani aakulu ngati nkhonya.

Mabriketi, oumbidwa ndi fumbi la makala ndi phala la chinangwa, amachedwa kugwira koma amayaka mofanana kwa nthawi yaitali. Pa nkhuku ndi nyama ya mbuzi ndi omwewa. Musaike nyama asanatuwe. Phulusa lake ndi lambiri, limatseka mabowo a mpweya, choncho gwedezani mbaula pafupipafupi. M'dzinja chinyezi chimawafumbutsa, asungeni m'ndowa yotseka.

Pa nsomba ndimasankha makala, koma kwa ogulitsa a chiphaso okha, chifukwa nkhalango ya Namizimu, ya ku Mangochi, ikutha.