Msasa wa matenti pagombe la Kariba ku Siavonga: malo ndi okongola, koma musalole kuti akuikeni panjira ya mvuu

Nyenyezi 3 mwa 5. Ziwiri zomwe ndachotsazo ndazichotsa chifukwa cha woyang'anira malowa, yemwe amaona ndalama yokha osaona moyo wa anthu amene akuwagoneka pagombe lake.

Pa tchuthi cha ufulu wa Zambia, pa 24 Okutobala, Lusaka yense amatsikira ku Siavonga, ndipo mmene mtengo wa tenti umakwerera masiku amenewo mukudziwa kale. Mtengo umenewo tinalipiratu pafoni, ndipo tinagwirizana za malo a pakapinga pansi pa mitengo, pomwe pali soketi ya magetsi ndi mpopi. Pofika tinapeza kapingayo wapatsidwa gulu la pakampani ina, lomwe linali litaimika kale masipika. Woyang'anirayo sanapepese n'komwe. Anati, "Abwana, osadandaula, ndakusungirani malo oposa onse, pamadzi penipeni." Anatitsitsira kumunsi kwa mchenga, pa udzu wobiriwira wosalala, masitepe ochepa kuchokera pamadzi, ndipo mabanja ena awiri okhala ndi ana anawandandalika pomwepo.

Amene munazolowera Senga Bay kapena Nkopola mvetsetsani kusiyana kwake. Kariba ndi damu. Khoma lake, lotalika mamita 128, linamangidwa pa mtsinje wa Zambezi pakati pa 1955 ndi 1959, ndipo madzi ake amapangira magetsi a Zambia ndi Zimbabwe. Malire omwe a Zambezi River Authority, bungwe loyang'anira damuli, amayendetsera madziwa ndi pakati pa mamita 475.5 ndi 488.5 pamwamba pa nyanja yaikulu, kusiyana kwa mamita 13. Pagombe losatsetsereka kwambiri, madzi akatsika mamita ochepa okha amathawa mtunda wautali ndithu. Amadzaza chapakati pa chaka madzi a mvula akafika kuchokera kumtunda, kenaka amayamba kutsika mpaka kumapeto kwa chaka. Pomwe madzi achokapo pamamera udzu wanthete, ndipo mu Okutobala, tchire lonse litauma, udzu umenewo ndiye chakudya cha mvuu. Malo "oposa onse" aja anali pamenepo.

Amene anatipulumutsa ndi mlonda wausiku, bambo wachikulire wa Chitonga. Atangoyamba ntchito dzuwa likulowa, anaima n'kuyang'ana matenti aja, kenaka anati, "Ana anga, zulani msanga. Apa ndi pamsewu pa mvuu." Anawunikira tochi pansi n'kutionetsa: tinjira tiwiri toyandikana tokumbika m'dothi, pakati pake pali kamzere ka udzu wosapondedwa, kuchokera m'madzi kukwera kumtunda. Patchire lina pafupi panali ndowe zomwazika m'masamba mpaka msinkhu wa m'chiuno, chifukwa mvuu yamphongo imamwaza ndowe ndi mchira. Zizindikiro zimenezi munthu aliyense wogwira ntchito pagombe la Kariba amazidziwa, ndipo woyang'anira uja amadutsa pamenepo tsiku lililonse. Madalawo anathandiza mabanja onse atatu kunyamula katundu mumdima kupita kumtunda, pafupi ndi mpanda wa malo oimika magalimoto, pamiyala. Pakati pa usiku mvuu yaikazi ndi mwana wake zinatuluka ndendende pa njira ija. Zinagwetsa mbaula ndi tebulo zomwe banja lina linasiya, n'kudula chingwe choyanikapo zovala. Mvuu yokhala ndi mwana silola kanthu kuima pakati pa iyo ndi madzi, imalemera kuposa tani imodzi, ndipo pamtunda imathamanga kuposa munthu. M'tenti yomwe inali pamalo amenewo maola ochepa m'mbuyomo mukanagona ana awiri.

M'mawa woyang'anirayo atauzidwa anangoseka n'kunena kuti mvuu za kuno n'zozolowera anthu. Ndalama ya kapinga ndi magetsi omwe sitinagwiritse ntchito anakana kubweza, ati nkhani ya ndalama amaidziwa ndi abwana aakulu omwe ali ku Lusaka. Pagombe ponsepo chikwangwani chochenjeza chilipo chimodzi chokha, cha ng'ona, chofufuma, ndipo chili kuseri kwa bala. Zimenezi ndiye zikundiwawabe.

Komabe sindinganame, malowa ali ndi zake. Mdima ukagwa, magetsi a mabwato a kapenta amayaka mzere wautali pamadzi ngati tauni yoyandama. Kansombaka anakabweretsa kuchokera ku nyanja ya Tanganyika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo amakagwira usiku potsitsa ukonde wozungulira pansi pa getsi. M'mamawa mungagule kapenta wauwisi kwa asodzi, wosauma, wosakhala ndi mchenga. Mukazinge msanga ndi mchere ndi mafuta pang'ono chifukwa kutentha kwa kuno sachedwa kuonongeka. Zimbudzi ndi mabafa zinali zoyera ngakhale anthu anali ochuluka chotero, ndipo amayi awiri osamalira kumeneko sanakhale pansi tsiku lonse. Mapepala a kuchimbudzi okha bwerani ndi anu. Khoma la damu lili pafupi, ndipo mukapempha chilolezo pa ofesi ya pamalire mutha kuyenda wapansi pamwamba pake, mbali ina nyanja, mbali ina phompho la Zambezi. Ana amasangalala nazo kwambiri.

Phokoso lokha dziwiranitu. Majenereta a mabwato a kapenta amamveka usiku wonse mphepo ikamachokera kunyanja, koma amenewo khutu limazolowera. Chosazolowereka ndi nyimbo za mabwato oyendetsa alendo ndi za magalimoto omwe amatsegula zitseko zonse pagombe. Lamulo la msasa limati phokoso lithe 10 koloko usiku, koma palibe wogwira ntchito amene amayerekeza kuuza gulu lomwe lagula mowa wambiri pabala kuti lichepetse.

Kwa amene mukupitabe, nkhani yaikulu ndi pomanga tenti. Khalani mamita osachepera 50 kuchokera pamadzi, pamwamba pa mzere wa zinyalala ndi timitengo womwe umaonetsa pomwe madzi anafika atadzaza. Yendani kaye malowo kukadali kowala kufunafuna tinjira tiwiri tija. Mchenga wa pano ndi wosanjikiza pang'ono, pansi pake pali dothi lolimba ndi miyala, ndiye zikhomo zawaya zobwera ndi tenti sizithandiza: pamchenga zimazuka, padothi zimapindika. Tengani zikhomo zachitsulo chokhuthala za masentimita 30 mpaka 40 ndi hamala, muzikhomere mopendekera, mutu ukuloza kutali ndi tenti. Pomwe mchenga uli wakuya, dzazani matumba a shuga kapena a feteleza ndi mchenga, mangiriranipo zingwe za m'makona, muwakwirire. Mphepo ya pa Kariba imadzuka mwadzidzidzi chifukwa nyanjayi ndi yaitali makilomita opitirira 200 ndipo palibe chotchinga. Khomo la tenti lisaloze kumadzi, apo ayi mphepo ikalowa imaifufumitsa n'kuthyola timitengo take. Tenti ziwiri za gulu la pakapinga lija zinagwa motero.

Kusambira m'nyanja ayi, ngakhale muone anyamata akudumphira pafupi ndi bala. Ng'ona zilipo zambiri, ndipo zimazolowera malo omwe anthu amatsukirapo mbale ndi kutayirapo matumbo a nsomba nthawi yofanana tsiku ndi tsiku. Tsukirani pampopi, zotsalira za nsomba zipite m'bini. Madzi osaya okhala ndi zomera ndiwo mumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Ngati wina walowamo, akayezetse kuchipatala. Mankhwala a likodzo a praziquantel sagwira bwino tizilombo tikadali tating'ono, choncho kumwa tsiku lomwelo n'kungotaya, adokotala amadikira masabata 6 mpaka 8. Okwera bwato funsani ngati woyendetsa akuidziwa njira, chifukwa mitengo ya tsanya yomwe inamizidwa pamene anthu a Chitonga pafupifupi 57,000 ankasamutsidwa m'chigwachi ikadaimabe pansi pa madzi, ndipo madzi akatsika zitsa zake zimakhala pafupi ndi pamwamba. Majekete oyandamitsa muwerengeni nokha musanakwere, makamaka a ana.

Kutentha kwa Okutobala m'chigwa cha Zambezi kumafika madigiri 40, ndipo tenti yopanda mthunzi simungakhalemo dzuwa likangokwera. Bwerani ndi lona wokoleka pamwamba pa tenti mosiya mpata wa mpweya, madzi akumwa malita 5 pamunthu patsiku, neti ndi mafuta othamangitsa udzudzu, poti kuno n'kwa malungo. Ayisi mugule ku Lusaka kapena ku Kafue, chifukwa pa tchuthi wa ku Siavonga amatha masana asanafike. Magetsi musawadalire ngakhale damu lili pakhomo. Mu 2024, chilala chitaphwetsa Kariba, madera ambiri a Zambia ankakhala maola 17 kapena kuposerapo patsiku opanda magetsi, ndipo jenereta ya pamsasa uno imangodyetsa bala ndi mafiriji ake. Nyali ya sola ndi batire yotchajira foni n'zofunika.

Kuchokera ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 200: kudutsa Kafue, kutsika mapiri pamsewu wa ku Chirundu, kenaka kukhotera kumanja musanafike ku Chirundu. Potsika mapiriwo malole ndi ambiri ndipo ena mabuleki amawathera pomwepo, ndiye yendani masana.

Ndingabwerenso, koma pakati pa sabata mu Juni kapena Ogasiti, madzi ali okwera, kukuzizirira, gombe lili phee. Tchuthi cha Heroes ndi Unity kumayambiriro kwa Julaye chimadzazanso chimodzimodzi, ndiye chipeweni. Polipiratu, uzani woyang'anira akulembereni pa WhatsApp malo enieni omwe mwagwirizana, ndi chithunzi chake, ndipo mulipire theka lokha, lotsalalo mukafika. Mukafika musakhome chikhomo musanafunse mlonda wausiku komwe mvuu zimatulukira.