Ejenti amene anandigulitsira nyumba ku Chirimba, patha miyezi khumi

Dzulo alamu anga anandiimbira kupempha nambala ya ejenti amene anandigulitsira nyumba ya ku Chirimba, akuti nawonso akufuna kugulitsa yawo ya ku Machinjiri. Ndinati nditumiza madzulo. Mpaka pano sindinatumize.

Mu 2023 ndinamuyamikira mkuluyu pa Facebook, ndipo zina mwa zimene ndinalembazo sindikuzibweza. Zithunzi anajambula bwino. Foni amayankha ngakhale Lamulungu. Wogula anapezeka m'masabata asanu ndi limodzi, pamene chikwangwani changa chinakhala pageti chaka chathunthu n'kumangokoka madobadoba. Za mapepala ku Lands, ku MRA ndi ku khonsolo anathamanga yekha, ine n'kumangosainira.

Tinagwirizana K45 miliyoni, iye atengepo 5 peresenti, yomwe ndi K2,250,000. Mu Sepitembala 2023 anabwera ndi nkhani yoti wogula apereka K25 miliyoni, yotsalayo amaliza mu Disembala. Ndinazengereza. Iye anati, "Achimwene, landirani, a kashi yonse asowa masiku ano." Nditapempha kuti ndionane ndi wogulayo, anati ndi munthu wotanganidwa, safuna zokambakamba. Pangano ndinasainira ndekha kuofesi kwake ku Limbe, wogula anasainira tsiku lina. Sindinaganizepo kanthu, mutu unali pa nyumba imene ndikumanga ku Lunzu.

Mu Novembala kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. K20 miliyoni ija inabweradi mu Disembala, koma itaonda. Simenti ndi malata zinali zitakwera kale, moti nyumba ya ku Lunzu mpaka lero mbali imodzi ilibe denga. Pamenepo sindinamuloze chala, kwacha sagwetsa ndi ejenti.

Zinaululika pamaliro ku Chilomoni mu Malichi. Tili kusiwa, mayi ena achikulire anandipatsa moni, n'kunena kuti ndi amene anagula nyumba yanga, anandizindikira chifukwa cha chithunzi cha pachiphaso chimene chinali pamapepala. Ndi mayi opuma pantchito yauphunzitsi, osati bwana wotanganidwa uja. Anati, "Bambo, nyumba ndi yabwino, koma munandiumira mtima. K49 miliyoni osatsitsako ngakhale pang'ono?" Ndinaganiza kuti asokoneza manambala. Anatulutsa foni n'kundionetsa uthenga wa kubanki: K4 miliyoni inapita ku akaunti ya ejenti mu Sepitembala momwemo, ine ndisanalandire ngakhale tambala. Ejentiyo anawauza kuti eni nyumba akufuna ndalama ina idutse pambali, isalembedwe papangano. Eni nyumbawo ndine, ndipo sindinanenepo zimenezo. Kwa iwo ananenanso kuti ineyo ndi amene sindikufuna kuonana nawo.

Chimene chimandiwawa si ndalama yokha ayi. Mayiwa anakhala miyezi isanu ndi umodzi akudziwa kuti ine ndi munthu wozemba msonkho komanso wouma mtima. Ndipo mkuluyu yake anadyeratu kwacha isanagwe, pamene ine anandiuza kuti ndidikire.

Nditapita ku Limbe sanakane n'komwe. Anandikokera mpando, anaitanitsa Fanta, n'kunena kuti, "Achimwene, munati mukufuna 45, mwalandira 45. Vuto lili pati?" Ndinamufunsa kuti nanga komishoni ndinamulipira yoti aimire ndani, ine kapena thumba lake? Ngati nyumba imatha kugulidwa 49, anayenera kundiuza, tigawane poyera. Ngati ayi, mayi aja asunge ndalama zawo zapenshoni. Anangoti ndi mmene aliyense amachitira m'tauni muno. Mwina n'zoona, koma enawo sindinawapatse makiyi a nyumba yanga.

Tinamvana kuti andibwezere komishoni yonse, popeza anadzilipira kale. K4 miliyoni ija ndi ya mayi aja, ndinawauza kuti akaonane ndi loya ndipo umboni ndidzapereka. Ine wandipatsako K1 miliyoni, m'maulendo awiri, K500,000 ulendo uliwonse. Yotsala ndi K1,250,000, ndipo foni ija imene inkayankhidwa Lamulungu tsopano imangoitana.

Masiku ena mtima umatsika, ndimati popanda iyeyu mwina nyumbayo ikanakhala ilipobe, ndikulimbana ndi alendi osalipira. Ndikapita ku Lunzu n'kuona thambo pabalaza, umakweranso.

Alamu ndawauza kuti akapeza ejenti aliyense, wogula akhale naye pansi maso ndi maso, asainire tsiku limodzi pamaso pa loya, ndalama yonse ilowe mu akaunti yawo, komishoni apereke okha pambuyo. Nambala ya mkuluyu ndiwapatsa K1,250,000 yanga ikalowa. Wanena kuti kumapeto kwa mwezi uno, monga ananenera mwezi watha.